Mmene Mungadziwire Ngati Mitundu ya Nsomba za M'nyanja Yamchere Imasintha ndi Nyengo

Ophunzira a zausodzi ochokera ku Malawi ndi ku Zambia amene apeza mwayi wokachita kafukufuku m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Indian Ocean amandifunsa funso limodzimodzi nthawi zonse: kodi munthu angatsimikize bwanji kuti mitundu ya nsomba pagombe lina imasintha malinga ndi nyengo? Ambiri amafunsa atalemba kale dongosolo lawo, lonena kuti azipita kudoko kamodzi pamwezi, aziwerenga nsomba zimene asodzi abwera nazo, ndipo pakutha pa chaka adzayerekeza miyeziyo. Dongosolo lotere limabala manambala ochuluka, koma funsolo siliyankha. Ndalemba njira yonse pano kuti ndisamaibwerezenso, ndipo zitsanzo zanga ndi za gombe la kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya, kudutsa ku Tanzania ndi Zanzibar, mpaka ku Sofala m'dziko la Mozambique.

1. Dziwani nyengo za pagombe pamene mukupitapo

M'madera otentha madzi a m'nyanja satentha ndi kuzizira mosiyana kwambiri ngati a ku Ulaya, choncho chimene chimagawa chaka ndi mphepo ndi mvula. Ku Kenya, Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique asodzi amatchula mphepo ziwiri. Kaskazi imachokera kumpoto chakum'mawa, imaomba kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Malichi, ndipo nthawi imeneyi nyanja imakhala yabata, madzi n'kutentha kufika madigiri 28 mpaka 30. Kusi imachokera kum'mwera chakum'mawa, imayamba cha mu Epulo kapena Meyi n'kufika Seputembala kapena Okutobala, ndipo ndi yamphamvu: mafunde amakula, madzi amavunduka n'kuzizira kufika cha m'ma 25. Amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi aizindikira msanga, pakuti kusi imachokera kumene kumachokera mwera ndipo imaomba miyezi yofanana. Pakati pa mphepo ziwirizi pamakhala masabata angapo a bata, ndipo ndi bwino kuwalemba paokha m'malo mowakankhira ku nyengo imene ili pafupi.

Mvula nayo siigwa mofanana. Pagombe la Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania imagwa kawiri pachaka: masika, kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndi vuli, kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Ku Beira ndi ku Quelimane, mizinda ya pagombe la Mozambique, dzinja ndi limodzi, ndipo kumeneko chimene chimasintha nyanja kwambiri ndi madzi a mitsinje ya Zambezi, Pungwe ndi Buzi, omwe amasungunula mchere, kudetsa madzi ndi matope komanso kubweretsa chakudya cha tizilombo ting'onoting'ono timene nsomba zimadya. Madzi a Shire nawonso amathera komweko kudzera mu Zambezi. Ngati mukagwira ntchito ku Sofala, yerekezani nyengo ya madzi osefukira ndi chilimwe. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kugawa chaka m'zigawo zinayi zofanana za miyezi itatuitatu chifukwa choti zimaoneka bwino patebulo. Magawo otere amadula nyengo imodzi pakati n'kusakaniza theka lake ndi nyengo ina.

2. Phunzirani kuwerenga mwezi wakumwamba

Ichi ndi chimene chimasokoneza anthu ozolowera nyanja ya madzi opanda mchere. Nyanja yamchere pagombe limeneli imadzaza ndi kuphwa kawiri tsiku lililonse, ndipo kukula kwa kudzazako kumatsatira mwezi. Mwezi ukakhala mumdima kapena ukakhala wathunthu, madzi amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri. M'Chiswahili nthawi imeneyi ndi bamvua. Pakati pake madzi amangosuntha pang'ono, ndipo amati maji mafu. Zimenezi zimazungulira pafupifupi masabata awiri aliwonse. Ku Zanzibar kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa pa bamvua kumayandikira mamita 4, pamene ku Beira kumapitirira mamita 6.

Usodzi wonse umavina nyimbo ya mweziwu. Mipanda ya mitengo yotchedwa uzio, imene imatsekera nsomba madzi akamabwerera, imapha kwambiri pa bamvua, ndipo ndi masiku omwewo pamene amayi amayenda pamatanthwe ophwa kusaka pweza, kanyama ka m'nyanja ka miyendo isanu ndi itatu (octopus). Asodzi a dagaa, tinsomba ting'onoting'ono tonga usipa, amagwiritsa ntchito nyali usiku wamdima ndipo amapuma mwezi ukawala, monga amachitira asodzi a usipa ndi chilimira. Mukapita kudoko mu Januwale mwezi uli mumdima, n'kudzapitanso mu Julayi mwezi uli wathunthu, kusiyana kumene mudzapeze kungakhale kwa mwezi basi, inu n'kukulemba kuti ndi kwa nyengo. Pezani tebulo la kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja la doko lapafupi, limene limapezeka pa intaneti ndi kumaofesi a madoko, musanasankhe tsiku ngakhale limodzi.

3. Sankhani malo a mtundu umodzi

M'mbali mwa gombe muli malo anayi amene muyenera kuwasiyanitsa: mathiriro a mitsinje okhala ndi mitengo ya mikoko (imene imamera m'madzi amchere), madzi osaya omera udzu pansi, matanthwe a makorali (omangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja), ndi nyanja ya kunja kwa matanthwewo. Mwa nsomba za kumeneko, m'mayina a Chiswahili, mkizi umakonda mathiriro, tasi amadya ndere ndi udzu m'madzi osaya, pono amakhala pamakorali, pamene vibua, nguru ndi jodari zimayenda m'madzi a pamwamba. Ana a nsomba zambiri za pamakorali amakulira m'mikoko ndi m'udzu asanasamukire kunja. Sankhani madoko awiri kapena atatu amene asodzi ake amasodza malo ofanana, chifukwa doko limodzi lokha lingakuonetseni za mudzi umenewo osati za nyengo.

4. Pezani chilolezo, ndipo dziwanani ndi eni doko

Ku Tanzania chilolezo cha kafukufuku chimachokera ku COSTECH, bungwe la boma loona za sayansi, koma Zanzibar ili ndi dongosolo lakelake. Ku Kenya bungwe lotere ndi NACOSTI. Pepala la boma likakhala m'manja, pitani kwa komiti ya pagombe, imene ku Kenya ndi Tanzania imatchedwa BMU, ku Mozambique CCP, ndipo ntchito yake ikufanana ndi ya ma BVC a kunyanja ya Malawi. Fotokozani momveka kuti simunabwere kudzalanda maukonde kapena kudzawerengera anthu msonkho, popeza msodzi akakukayikirani amabisa nsomba zazing'ono ndipo sakuuzani kumene anatchera. Amene amalankhula Chisena cha ku Nsanje ndi Chikwawa adzamvana ndi anthu ambiri ku Beira; kumpoto mudzafunika Chiswahili.

Fikani mabwato asanakocheze. Nsomba zikangotsika zimapita pamnada, pomwe ogula amapikisana mitengo, ndipo padzuwa la pagombe palibe msodzi amene angadikire kuti mumalize kutsegula buku pamene nsomba zake zikuyamba kufewa. Nsomba iliyonse imene mukufuna kuisunga muigule pamtengo wa tsikulo.

5. Konzani masiku ndi mabwato mopanda tsankho

Mwezi uliwonse ukhale ndi masiku ofanana chiwerengero, ena a bamvua, ena a maji mafu, ndipo musasinthe zimenezi mpaka kumapeto. Pofika pagombe musathamangire bwato limene ladzaza kapena limene anthu aunjikanapo. Sankhani lamulo losavuta, monga kutenga bwato lachitatu lililonse, ndipo mulitsatire ngakhale bwatolo litabwera ndi nsomba ziwiri. Bwato lobwera chimanjamanja lilembedwe, ndiponso tsiku limene palibe anapita panyanja lilembedwe pamodzi ndi chifukwa chake. Funsaninso za nsomba zimene sizinafike pamchenga: zina amagulitsirana panyanja pomwepo, zina amapatula za ndiwo, zina amataya. Kawirikawiri zopatulidwazo ndi mitundu yachilendo kapena yaing'ono, yomwenso ndi imene imakweza chiwerengero chanu cha mitundu.

6. Siyanitsani nyengo ya nsomba ndi nyengo ya asodzi

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo malangizo ambiri amangopadumpha. Zimene mumaona pagombe ndi zimene asodzi apha, osati zimene zili m'nyanja. Pakati pa ziwirizi pali mphepo, bwato, ukonde ndi maganizo a msodzi, ndipo zonsezi zimasintha ndi nyengo.

Taganizirani doko lina la kum'mwera kwa Kenya kapena la ku Zanzibar. Kusi ikalimba, mabwato osema ndi a matanga sangawoloke mafunde osweka pamatanthwe a makorali, choncho asodzi amakhala m'kati, m'madzi osaya otetezeka, n'kumatchera madema ndi kuwedza ndi mbedza. Dema ndi mono wa kunyanja yamchere: amaluka ndi timitengo tong'aluka, n'kusiya khomo limodzi lolowa ngati fanulo, amaikamo nyambo ya ndere, amamangirira miyala kuti limire, ndipo amadzalivuula tsiku lotsatira. M'menemo mumatuluka tasi, changu ndi pono. Kaskazi ikafika, anthu omwewo amatulukira kunja ndipo pamchenga pamayamba kuoneka nguru, jodari ndi kolekole. Wophunzira amene wangowerenga za pagombe adzalemba kuti nsomba zikuluzikulu za madzi a pamwamba zimabwera nthawi ya kaskazi n'kuchoka nthawi ya kusi. Mwina n'zoona, chifukwa nsomba zimenezi zimayendadi mitunda yaitali, koma manambala akewo sakusonyeza zimenezo. Akungosonyeza kuti m'miyezi ina asodzi anatha kufika kumene kuli nsombazo.

Palinso zina zimene zimalowerera. Asodzi a pachilumba cha Pemba, ku Tanzania, amakonda kupita dago, kutanthauza kukamanga misasa kugombe lakutali kwa masabata kapena miyezi, ndipo ambiri amafika ku Kenya nthawi ya kaskazi ali ndi maukonde ozinga amene eni mudzi sagwiritsa ntchito kwenikweni. Mitundu yatsopano imene ikuoneka padoko miyezi imeneyo ingakhale itabwera ndi ukonde wa alendowo. M'midzi ya Chisilamu usodzi umachepa Lachisanu ndipo umasintha m'mwezi wa Ramadan, umene umabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, motero sugwirizana ndi nyengo ya mphepo iliyonse. Ku Mozambique boma limatseka usodzi wa camarão, tinyama tachigoba ta m'nyanja (prawns), ku Sofala m'miyezi ya dzinja, nyengo imene amaitcha veda, ndipo masiku ake amalengezedwa chaka ndi chaka. Makoka akaima, nsomba zonse zimene zimakodwa pamodzi ndi camarão zimasowa m'buku lanu ngakhale zili m'madzi. Onjezerani apo asodzi amene amasiya bwato n'kupita kumunda mvula ikagwa.

Chochita chake ndi ichi. Choyamba, pa bwato lililonse lembani chida chimene agwiritsa ntchito, kukula kwa maso a ukonde kapena kwa mbedza, chiwerengero cha madema, anthu amene anali m'bwatomo, maola amene anasodza, dzina la malo ndi kuya kwake. Ngati chimodzi mwa zimenezi chasowa, mzere wonsewo sungakuthandizeni poyerekeza nyengo. Chachiwiri, yerekezani zofanana zokhazokha: madema a kaskazi ndi madema a kusi, otcheredwa pamalo amodzi. Musaphatikize nsomba za zida zonse n'kuzitcha nsomba za mweziwo. Chachitatu, gawani nsomba ndi mphamvu imene yagwiritsidwa ntchito, kuti mupeze nsomba pa dema limodzi pa usiku umodzi, kapena makilogalamu pa msodzi mmodzi pa ola limodzi.

Chachinayi, chomwe ndimachiona kuti n'choposa zonse, khalani ndi kasodzedwe kanukanu kosasintha. Gwirizanani ndi asodzi ochepa odalirika kuti azitchera madema a msinkhu umodzi, nyambo imodzi, pamalo amodzimodzi, pa tsiku lofanana la mwezi wakumwamba, chaka chonse, ndipo muziwalipira ntchitoyo ngakhale madema atatuluka opanda kanthu. Malipiro akamatsatira nsomba, msodzi waluso adzasunthira dema pamene akudziwa kuti pali nsomba, ndipo adzakhala akuchita zanzeru monga msodzi kwinaku akuwononga kafukufuku wanu. Sankhani malo amene amafikika ngakhale mphepo italimba, pakuti malo ofikika theka la chaka sangakuuzeni za theka linalo, ndipo musakakamize munthu kupita panyanja yolusa chifukwa cha tebulo lanu.

Ena amaganiza kuti athawa vutoli powerenga nsomba pansi pa madzi ndi magalasi osambirira kapena poika makamera okhala ndi nyambo. Njirazi ndi zabwino, koma nazonso zili ndi nyengo yake: madzi akavunduka ndi kusi kapena ndi matope a mitsinje, mumaona pafupi, ndipo nsomba zamantha simuzionanso. Lembani mtunda umene mukutha kuona tsiku lililonse, ndipo chepetsani m'lifupi mwa mzere wanu wowerengera kuti ukhale wotheka ngakhale pa tsiku la madzi akuda.

7. Musakhulupirire dzina limodzi

Mayina a pagombe ndi a msika ndi a kukhitchini, ndipo amagwira bwino ntchito imeneyo, koma sagwirizana ndi mitundu imodziimodzi. Mulu wa dagaa umakhala ndi mitundu ingapo ya m'magulu amene asayansi amawatcha Stolephorus ndi Sardinella, kuphatikizapo ana a nsomba zina zimene zikanakula. Changu ndi dzina la mitundu yambiri ya Lethrinus. Nsomba ya Siganus imene ku Zanzibar amati tasi, ku Kenya amati tafi. Pono amasokoneza mwanjira ina: m'mitundu yambiri yamphongo yaikulu imakhala yobiriwira mowala pamene yaikazi ndi yofiirira, mwakuti mtundu umodzi umalembedwa kawiri. Mukawerenga ndi mayina a pagombe, nyengo ya dagaa idzaoneka yosauka mitundu, pamene mwina ndiyo yolemera.

Jambulani nsomba iliyonse yatsopano isanafwifwe, pakuti maonekedwe amazilala msanga ikafa. Igonekeni mutu utaloza kumanzere, tambasulani zipsepse, ikani rula pansi pake ndi kapepala ka nambala, tsiku ndi doko. Werengani minga ndi timitsitsi ta chipsepse cha pamsana komanso mamba a mzere wa m'mbali, chifukwa zimenezi sizisintha ngati mtundu wa khungu. Pa dagaa, tapani muyeso umodzimodzi nthawi zonse kuchokera pakati pa mulu, mukausankhule kunyumba kumene mukugona. Mabuku a FAO (nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi) ozindikirira nsomba za kumadzulo kwa Indian Ocean ndi tsamba la pa intaneti la FishBase zikuthandizani, ndipo zokayikitsa mungazitumize kwa akatswiri a mabungwe ofufuza za nsomba monga KMFRI ku Mombasa, TAFIRI ku Dar es Salaam, Institute of Marine Sciences ku Zanzibar, kapena sukulu ya sayansi ya zam'nyanja ya Universidade Eduardo Mondlane ku Quelimane. Imene yakukanikani muilembe kuti Lethrinus mtundu 1 ndipo dzina limenelo likhale la nsomba yomweyo mpaka kumapeto. Dzina longopeka ndi loipa kuposa nambala.

Yezaninso kutalika. Mitundu ingakhale yomweyo chaka chonse, koma m'miyezi ina udzu wa m'madzi osaya umadzaza ndi tiana, ndipo zimenezo zimakuuzani nthawi imene nsombazo zinaswana. Tasi, mwachitsanzo, amasonkhana pamalo odziwika poswana cha pamene mwezi uli wathunthu, ndipo kuchuluka kwawo padoko masiku amenewo sikutanthauza kuti aswana ambiri chaka chimenecho.

8. Yezani madzi tsiku lomwelo

Kutentha, mchere ndi kuyera kwa madzi ndi zokwanira poyambira. Madzi a nyanja ya kunja amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita, ndipo pafupi ndi mathiriro nambalayi imatsika kwambiri m'dzinja. Kuyera mumayeza ndi mbale ya Secchi yomangirira chingwe, imene mumaitsitsa m'madzi mpaka itasiya kuoneka. Yezani pamene pakusodzedwa, osati pamene mabwato amakocheza.

9. Werengani mitundu mosamala

Chiwerengero cha mitundu chimakula mukamaona nsomba zambiri. Popeza nthawi ya kaskazi padoko pamatsika nsomba zochuluka, mudzapeza mitundu yambiri ngakhale nyanja isanasinthe. Musanayerekeze, linganizani chiwerengero cha nsomba m'nyengo zonse ziwiri pogwiritsa ntchito njira yotchedwa rarefaction, ndipo jambulani mzere woonetsa mmene mitundu ikuwonjezekera pa bwato lililonse latsopano. Mzerewo ukakhala ukukwerabe, simunamalize kuwerenga.

Kenako onani mmene nsombazo zagawikira. Tiyerekeze kuti muli ndi milu iwiri ya nsomba 100, uliwonse wa mitundu 10. Mulu woyamba uli ndi nsomba 10 pa mtundu uliwonse. Wachiwiri uli ndi 91 za mtundu umodzi ndi imodziimodzi pa mitundu 9 yotsalayo. Chiwerengero cha mitundu ndi chofanana, koma muyeso wa Shannon, umene umaonanso mmene nsomba zagawikira m'mitunduyo, umapereka 2.30 pa woyamba ndi 0.50 pa wachiwiri. Komabe Shannon saona mayina: nyengo ziwiri zingakhale ndi nambala yofanana pamene mitundu yake ndi yosiyana kotheratu. Pa chifukwa chimenechi onjezerani muyeso wa Bray-Curtis, umene umayerekeza kuti ndi mitundu iti imene ili mbali zonse ndiponso yochuluka bwanji. Nenani poyera ngati mwawerenga mitu kapena kulemera, popeza nguru imodzi imalemera kuposa dagaa mazana ambiri.

10. Musatche chaka chimodzi kuti nyengo

Kaskazi imodzi ndi kusi imodzi ndi zinthu ziwiri zokha, ndipo sizingakuuzeni ngati kusinthako kumabwerera chaka ndi chaka. Gombe limeneli limakumana ndi zaka zosokonekera. Mu 1998 madzi anatentha kwambiri ndipo makorali ambiri a ku Kenya ndi Tanzania anayera n'kufa. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anagwera pa Beira, ndipo mu Malichi 2023 Freddy analowera cha ku Quelimane asanafike kum'mwera kwa Malawi. Wofufuza wa m'miyezi imeneyo anaona zotsatira za namondwe, osati dzinja wamba. Ngakhale madzi a Zambezi satsatiranso mvula yokha chimangidwire damu la Cahora Bassa mu 1974, choncho funsani nthawi imene zitseko za damu zinatsegulidwa musanagwirizanitse mchere wa ku Sofala ndi mvula.

Yesetsani kukwanitsa zaka ziwiri. Ngati ndalama ndi nthawi ya sukulu zikungolola chaka chimodzi, lembani m'lipoti kuti mwayerekeza miyezi ya chaka chakutichakuti, ndipo funsani ku ofesi ya zausodzi ya m'deralo ngati ali ndi kaundula wa zaka zam'mbuyo wa doko lomwelo. Musanasindikize, bwererani kwa komiti ya pagombe ndi zithunzi zanu ndi tebulo losavuta la miyezi, muwafunse akuluakulu mtundu uliwonse paokha: kodi m'miyezi imene sukuoneka m'buku langa umakhala utachokadi, kapena mumangosiya kuusodza? Mayankho awo muwalembe m'danga lapadera pafupi ndi manambala anu, ndipo paliponse pamene akutsutsana ndi tebulo, bwererani ku gawo 6 mukaonenso chida ndi malo a mizere imeneyo.